Alimi ndi Asodzi a ku Amadiba pa Nkhani ya Malo, Mafuta ndi Kusintha kwa Nyengo

Mau oyamba

Nkhani ya kusintha kwa nyengo imafika kwa alangizi a zaulimi kawirikawiri ngati nkhani ya mbeu ndi kalimidwe: chimanga chocha msanga, mbeu zopirira chilala, kuphimbira nthaka, akalozera ndi mitengo yobwezeretsa chonde. Zonsezi nzofunika ndipo alangizi akuzidziwa bwino. Koma nkhaniyi ili ndi mbali inanso imene siphunzitsidwa m'masukulu a zaulimi. Mbaliyi ndi ya anthu a kumidzi amene aima poyera kukana migodi, malasha ndi mafuta pa malo a makolo awo, nanena kuti chitukuko chilichonse, ngakhale cha magetsi osaipitsa mpweya, chiyenera kuyamba ndi kuwafunsa eni malowo.

Anthu otere amagwiritsa ntchito mau akuti chilungamo pa nkhani ya nyengo. Tanthauzo lake silovuta. Mpweya woipa umene ukutenthetsa dziko umachokera makamaka ku malasha, mafuta ndi gasi, ndipo Africa yense amatulutsa pafupifupi magawo 4 okha mwa magawo 100 alionse a mpweyawu. Komabe namondwe wa Idai mu 2019 anagwera Mozambique, Zimbabwe ndi Malawi. Namondwe wa Freddy mu 2023 anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'Malawi mokha. Ndipo chilala cha 2024 chinachititsa maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza kuti maiko awo agwa m'tsoka. Woipitsa ndi wina, wolipira ndi wina. Ichi ndicho chinachititsa kuti msonkhano wa maiko wa ku Sharm el-Sheikh mu 2022 uvomereze thumba la ndalama zolipira zoonongeka ndi nyengo.

Misonkhano ikuluikulu yotere imamveka pa wailesi, koma mphamvu ya gululi ili kumudzi. Kabukuka kakufotokoza za dera limodzi la m'chigawo chino cha Africa, la Amadiba ku South Africa, kumene alimi ndi asodzi anagonjetsa makampani awiri akuluakulu m'khoti. Chimene anapambanira si ukatswiri wa sayansi ya nyengo ai, koma funso limene mlangizi aliyense amalidziwa: kodi msonkhano unaitanidwa bwanji, anabwera ndani, ndipo anavomera ndani?

Dera ndi anthu ake

Amadiba ali m'chigawo cha Eastern Cape, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ya Indian Ocean, m'dera lotchedwa Wild Coast, kumwera kwa mtsinje wa Mtamvuna umene uli malire ndi KwaZulu-Natal. Anthu ake ndi a mtundu wa amaMpondo. Amalima chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu, amaweta ng'ombe ndi mbuzi, amawedza nsomba ndi kutola nkhono m'matanthwe a m'nyanja. Mvula imagwa mokwanira ndipo mabanja ambiri amadya zochokera m'minda yawo. Makomo ndi otalikirana, lililonse ndi munda wake, khola lake ndi manda a makolo ake pafupi. Malo ndi a chikhalidwe: palibe amene ali ndi chikalata cha umwini, ndipo nkhani za malo zimakambidwa pa bwalo la mfumu lotchedwa komkhulu.

Pofuna kumvetsa kuuma mtima kwa anthuwa pa nkhani ya malo, nkofunika kubwerera ku zaka za m'ma 1950. Boma la tsankho linabweretsa ndondomeko imene linkati nja kutukula ulimi ndi kuteteza nthaka. Anthu ankalamulidwa kusamuka m'makomo awo kukakhala m'midzi ya mizere, malo olima ndi odyetsa ziweto ankadulidwa ndi waya, ndipo chiwerengero cha ng'ombe chinkachepetsedwa mokakamiza. Mafumu amene boma linawapatsa mphamvu ndiwo ankavomera m'malo mwa anthu. Mu 1960 amaMpondo anaukira, akumasonkhana m'mapiri, ndipo pa 6 Juni chaka chomwecho apolisi anapha anthu 11 pa phiri la Ngquza. Ena ambiri anamangidwa ndipo ena ananyongedwa pambuyo pake.

Alangizi a ku Malawi aizindikira nkhaniyi, pakuti nayonso Nyasaland inali ndi malimidwe ake, pamene alimi ankalipitsidwa kapena kumangidwa chifukwa cha mizere ndi migula, ndipo Inkosi Gomani wa ku Ntcheu anachotsedwa pa mpando mu 1953 atauza anthu ake kuti asamvere malamulowo. Malangizo ambiri a nthawi imeneyo sanali olakwika pa sayansi ya nthaka. Chinalakwika nchakuti anabwera ndi chikwapu, osafunsa. Anthu a ku Amadiba sanaiwale zimenezi, ndipo akamakamba za mgodi kapena mafuta amatchula Ngquza.

Mchenga wa ku Xolobeni

Nkhondo yoyamba sinali ya nyengo konse. Mchenga wofiira wa m'mphepete mwa nyanja ku Xolobeni uli ndi titanium ndi miyala ina yolemera. Kampani ya ku Australia ya Mineral Commodities, kudzera m'nthambi yake ya ku South Africa, inafuna kukumba mzere wa makilomita pafupifupi 22 m'litali ndi kilomita imodzi ndi theka m'lifupi. M'derali munali mabanja pafupifupi 70, minda yawo, msipu wa ziweto za midzi yoyandikana, akasupe ndi manda.

Mu 2007 anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja anakhazikitsa bungwe la Amadiba Crisis Committee. Boma linapereka chilolezo cha mbali imodzi ya mgodi mu 2008, koma anthu atadandaula linachilanda mu 2011. Kampani inapemphanso mu 2015. Sikuti dera lonse linali ndi mtima umodzi ai. Ena, makamaka okhala kumtunda amene minda yawo sikanakhudzidwa, ankafuna mgodi chifukwa cha ntchito ndi miseu, ndipo mfumu yaikulu ya derali inagwirizana ndi kampani pamene mfumu yaikazi ya midzi ya kunyanja, Duduzile Baleni, inaima ndi okana. Mabanja anagawikana. Pa 22 Malichi 2016 wapampando wa bungweli, Sikhosiphi Rhadebe, wodziwika ndi dzina lakuti Bazooka, anaomberedwa pakhomo pake ndi amuna awiri amene anadzitcha apolisi. Kampani inakana kuti inali ndi mbali pa imfayi.

Mlandu unapita ku khoti lalikulu ku Pretoria. Pamenepo panakumana malamulo awiri. Lamulo la migodi la 2002 limanena kuti wofuna kukumba akambirane ndi okhala pamalopo. Lamulo lina la 1996, la Interim Protection of Informal Land Rights Act, limanena kuti munthu wokhala pa malo a chikhalidwe asalandidwe ufulu wake popanda iye kuvomera. Boma ndi kampani ankati kukambirana nkokwanira. Pa 22 Novembala 2018 woweruza Annali Basson anagamula kuti malamulo awiriwa ayenera kuwerengedwa pamodzi, ndipo nduna ilibe mphamvu yopereka chilolezo cha mgodi anthuwo asanavomere atamvetsa zonse. Boma linanena kuti lichita apilo. Mu 2020 anthu omwewa anapambananso mlandu wina, wakuti okhala pamalo ali ndi ufulu wolandira makalata onse a pempho la mgodi, kuti adziwe chimene akufunsidwa.

Kusiyana kwa kukambirana ndi kuvomera nkwakukulu. Pokambirana, munthu amamvedwa kenaka ena amagamula. Povomera, mau ake akuti ai amatseka nkhani. Khoti linazindikiranso kuti pa chikhalidwe cha derali nkhani ya malo sitha ndi kuwerenga manja. Imakambidwa mobwerezabwereza mpaka anthu atagwirizana, ndipo mau a amene munda wake ukutengedwa amalemera kuposa a amene akukhala kutali.

Chombo chofufuza mafuta

Nkhani ya nyengo inalowa poyera mu 2021. M'miyezi yomaliza ya chakacho kunamveka kuti kampani ya Shell iyamba kufufuza mafuta ndi gasi pansi pa nyanja, pa dera la makilomita pafupifupi 6,000 m'bwalo lake, pakati pa Morgan Bay ndi Port St Johns. Kafukufuku wotere amachitika motere: chombo chimakoka mfuti za mpweya zimene zimaphulika m'madzi pafupifupi masekondi 10 alionse, usana ndi usiku, kwa miyezi ingapo. Phokoso limalowa m'matanthwe a pansi pa nyanja, ndipo mmene likubwerera limasonyeza pamene pangakhale mafuta. Asodzi anaopa kuti nsomba zithawa, ndipo akatswiri a zamoyo za m'nyanja anapereka umboni wa kuopsa kwake kwa anamgumi, akamba ndi tizilombo tating'onoting'ono timene nsomba zimadya.

Chilolezo cha kafukufukuyu chinaperekedwa kale mu 2014 kwa kampani ya Impact Africa, ndipo anthu ambiri a m'midzi anachimva koyamba patapita zaka 7, chombo cha Amazon Warrior chili m'njira. Pempho loyamba loletsa ntchitoyi, limene anapereka mabungwe a zachilengedwe ndi a osodza, linakanidwa kumayambiriro kwa Disembala 2021. Pempho lachiwiri linachokera kwa anthu a m'midzi eni ake: bungwe la Sustaining the Wild Coast lotsogozedwa ndi Sinegugu Zukulu, anthu a ku Amadiba, a ku Dwesa-Cwebe ndi asodzi ang'onoang'ono a ku Port St Johns ndi Kei Mouth. Pa 28 Disembala 2021 woweruza Gerald Bloem wa khoti la ku Makhanda anaimitsa kafukufukuyo, ndipo chombo chinachoka.

Pa 1 Seputembala 2022 oweruza atatu a khoti lomwelo anafafaniza chilolezocho. Zifukwa zawo nzoyenera kuti mlangizi aziwerenge modekha. Zidziwitso za misonkhano zinasindikizidwa m'nyuzipepala za Chingelezi ndi Chiafrikaans, zimene sizifika m'midzi ya anthu olankhula isiXhosa ndi isiMpondo, kumene ambiri amamva nkhani pa wailesi. Misonkhano inachitikira m'matauni. Makalata anaikidwa pa intaneti. Kampani inakumana ndi mafumu aakulu niyesa kuti yakumana ndi anthu onse, ndipo khoti linati kachitidwe kameneka nkachikale. Linapezanso kuti opereka chilolezo sanaganizire chakudya chimene mabanja amapeza m'nyanja, chikhulupiriro cha anthu chakuti mizimu ya makolo awo imakhala m'madzimo, ndiponso kusintha kwa nyengo kumene mafutawo akanaonjezera atapezeka ndi kuotchedwa. Za ntchito zimene zinalonjezedwa, khoti linati panalibe umboni wosonyeza mmene anthu a m'derali akanapindulira.

Pa mfundo ya nyengo, oimira makampani ankati kufufuza si kukumba, choncho nkhani ya mpweya idikire. Khoti silinavomere, poona kuti wofufuza amafufuza kuti akumbe. Anthu a m'deralo sanafunike kuuzidwa ndi munthu za nyengo: mu Epulo 2022, mlandu uli mkati, madzi osefukira anapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal, tsidya lina la mtsinje wa Mtamvuna.

Chipambanochi sichinali chathunthu. Mu Juni 2024 khoti la apilo linavomereza kuti chilolezo chinaperekedwa mosatsata lamulo, koma linasiya mpata wakuti chikonzedwe ngati anthu atafunsidwa tsopano. Anthuwo anakana, nati kufunsa munthu ntchito itagamulidwa kale si kufunsa, ndipo mlandu unamvedwa ku Constitutional Court mu 2025. Mu 2024 momwemo Nonhle Mbuthuma wa Amadiba Crisis Committee ndi Sinegugu Zukulu analandira mphoto ya Goldman Environmental Prize.

Kumene anthu sanafunsidwe mokwanira

Chimene anthu a ku Amadiba ankaopa chinaoneka kale m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Pakati pa 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi wa malasha wa Vale ku Moatize utsegulidwe. Alimi ambiri anapititsidwa ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Moatize. Kwawo kunali pafupi ndi mtsinje ndi msika, ndipo ankalima madimba, kuumba njerwa ndi kugulitsa zokolola. Kumalo atsopano anapeza nthaka yambiri ya miyala, madzi ovuta ndi nyumba zong'aluka, ndipo mwa mahekitala awiri amene banja lililonse linalonjezedwa, poyamba linalandira imodzi. Mu Januwale 2012 anthu mazana anatseka njanji yonyamula malasha, ndipo apolisi anawabalalitsa mwankhanza. Nkhani ya kukula kwa munda inali papepala, koma nkhani ya chonde, chinyezi ndi mtunda wa kumsika, imene mlangizi aliyense akanaiona tsiku limodzi, sinapatsidwe kulemera kwake.

Magetsi oyera nawo amafuna malo

Kungakhale kulakwitsa kuganiza kuti magulu amenewa akukana magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse zinkaunikira magetsi. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo madzi atachepa ku Kariba mu 2024 mizinda ya Zambia inkakhala mumdima maola ambiri tsiku lililonse. Magetsi akathima m'tauni, nkhwangwa imalira kumudzi, pakuti makala amakwera mtengo. Chigawo chino chikufunika magetsi ochuluka, ndipo a dzuwa, mphepo ndi madzi ndiwo saonjezera mpweya woipa.

Komabe kuyera kwa magetsi sikuyeretsa njira yotengera malo. Damu la Kariba litamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anthu a mtundu wa Tonga pafupifupi 57,000 anachotsedwa m'chigwa cha Zambezi, kumene ankakolola kawiri pachaka pa nthaka ya m'mbali mwa mtsinje, napititsidwa kumtunda kouma. Kwa zaka zambiri nthambo za magetsi zinkadutsa pamwamba pa midzi yawo yopanda nyali. Ku Kenya, makina 365 a mphepo a Lake Turkana Wind Power amatulutsa mamegawati 310, ndipo ndi ntchito imene dzikolo limanyadira. Koma mu 2021 khoti la za malo ku Meru linapeza kuti maekala 150,000 a abusa a ziweto a m'boma la Marsabit anaperekedwa mosatsata lamulo la malo a anthu onse. Malowo ankaoneka opanda kanthu kwa mlendo chifukwa abusa amawagwiritsa ntchito pa nyengo yake. Chaka chomwecho khoti lalikulu la Norway linagamula kuti makina a mphepo a ku Fosen anaphwanya ufulu wa abusa a mtundu wa Sámi.

Pali njira ina imene imachepetsa mikangano, ndiyo magetsi amene anthu a m'dera ali ndi dzanja pa iwo. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, makina aang'ono oyendera madzi a mtsinje wa Lichenya amapereka magetsi ku nyumba, sukulu, chipatala ndi zigayo za midzi yozungulira kudzera m'bungwe la MEGA, ndipo anthu a m'midzimo anagwira nawo ntchito yokumba ngalande. Makina otere sangayendetse fakitale ya feteleza, ndipo palibe amene amatero. Koma amasonyeza kuti munthu amasamala mtsinje ndi nkhalango ya kumtunda kwake pamene nyali ya m'nyumba mwake ikudalira madziwo.

Mbali ya mlangizi

Mlangizi ndi wantchito wa boma kapena wa bungwe, ndipo si ntchito yake kutsogolera zionetsero kapena kuuza mudzi kuti uvomere kapena ukane. Koma sangathawe nkhanizi. Alendo a kampani ya mgodi, ya magetsi a dzuwa, ya munda waukulu kapena ya kubzala mitengo yogulitsa mpweya akafika m'boma, kawirikawiri amatumizidwa kwa iye, chifukwa ndiye amadziwa njira, mafumu ndi makalabu a alimi. Iye ndiye amatumiza uthenga wa msonkhano, nthawi zina ndiye amamasulira, ndipo dzina lake limalembedwa pa lipoti ngati mboni. Anthu amabwera chifukwa amamukhulupirira iyeyo, osati alendowo.

Ufulu wofunsidwa si nkhani ya ku South Africa kokha. Bungwe la United Nations linaulemba mu 2007 m'chikalata cha ufulu wa mitundu ya eni nthaka, pamene linati chilolezo chikhale chaufulu, chiperekedwe ntchito isanayambe, ndipo anthu akhale atauzidwa zonse. Mu 2018 linavomerezanso chikalata cha ufulu wa alimi ang'onoang'ono ndi ogwira ntchito kumidzi. Lamulo la malo la Mozambique la 1997 limafuna kuti anthu a m'dera afunsidwe malo asanaperekedwe kwa wamalonda. Malawi ali ndi lamulo la malo a chikhalidwe la 2016 ndi la chilengedwe la 2017, ndipo Zambia ali ndi la chilengedwe la 2011, ndipo malamulo a chilengedwewa amafuna kafukufuku wa zotsatira za ntchito zikuluzikulu ndi kumva maganizo a okhudzidwa. Mphamvu ya malamulowa nyosiyana dziko ndi dziko, ndipo chigamulo cha ku Pretoria sichimanga khoti la ku Lilongwe kapena Lusaka. Mlangizi ayenera kufunsa ofesi ya malo ndi ya chilengedwe ya m'boma lake kuti adziwe chimene lamulo la kwawo likunena.

Pa kayendetsedwe ka msonkhano, zolakwa zimene khoti la ku Makhanda linatchula nzomwe zimachitika kulikonse. Uthenga uyenera kufika m'chilankhulo cha anthu, masiku okwanira msonkhano usanachitike, kudzera kwa nyakwawa, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa wailesi ya m'dera. Msonkhano wa nthawi ya kupalira, wa tsiku la msika kapena la maliro umasonkhanitsa anthu olakwika. Kuonana ndi mfumu nkoyenera ndipo ndiwo mwambo, koma ndi khomo lolowera chabe. Mfumu si mwini munda wa mayi wamasiye. M'madera ambiri a Achewa, Amang'anja ndi Ayao munda umatsata mbumba ya akazi, choncho msonkhano wa amuna okhaokha ungathe popanda mwini malo ngakhale mmodzi. Obwera kudzakhala m'mudzi, obwereka minda, achinyamata amene sanagawiridwe malo ndi asodzi a m'madoko amaiwalika msanga.

Chinthu chimodzi chiyenera kunenedwa mosabisa. Pepala limene anthu amalembapo maina kapena kudinda chala kuti alandire chakumwa kapena ndalama ya ulendo ndi kaundula wa obwera basi. Lisasanduke umboni wakuti mudzi wavomera. Mlangizi wanzeru amawerenga mutu wa pepala lililonse mokweza lisanayende m'manja mwa anthu, ndipo sasaina lipoti limene likunena zimene sizinanenedwe pabwalo. Ngati anthu apempha nthawi yokakambirana paokha alendo atachoka, pempholo nlachikhalidwe ndipo liyenera kulembedwa.

Mbali yaikulu koposa ndi ya zolembedwa. Ku Amadiba makhoti anakhutira chifukwa alimi, asodzi ndi asing'anga anafotokoza mwatsatanetsatane chimene amapeza pamalo ndi m'nyanja, ndipo umboni wawo unaima pamodzi ndi wa akatswiri a sayansi. M'midzi yambiri ya chigawo chino munthu yekhayo amene ali ndi zolembedwa zotere ndi mlangizi: kaundula wa mabanja a alimi, kukula kwa minda, zoyerekeza za zokolola za chaka ndi chaka, chiwerengero cha ziweto, ndi mvula ya tsiku ndi tsiku ngati pali choyezera. Woyesa chipukuta misozi amawerenga chimene wachipeza tsiku limene wabwera. Akabwera mu Okutobala apeza munda wopanda mbeu, dambo louma ndi tsala looneka ngati tchire lopanda mwini. Sadzaona kuti dambolo limadyetsa ng'ombe za midzi itatu m'chilimwe, kuti m'mbali mwake mumakhala madimba a tomato ndi chimanga chachiwisi, kuti tsalalo lagonekedwa dala kuti libwerere chonde, kapena kuti m'nkhalangomo amai amazula bowa, kutola masuku ndi kumweta udzu wofolera.

Nchifukwa chake nkothandiza kuti mlangizi, pamodzi ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ajambule mapu a kagwiritsidwe ntchito ka malo nkhani isanabuke. Mapuwa angayambe pansi, ndi ndodo, miyala ndi phulusa, amai paokha ndi abambo paokha, kenaka nkusamutsidwira papepala. Asonyeze minda ya mvula, madimba, tsala, msipu ndi njira za ziweto, zitsime ndi akasupe, madoko, nkhalango, manda, ndi malo a miyambo monga dambwe ndi kachisi, ngakhale kuti malo ena otere eni ake angafune kuti alembedwe mwachisawawa chabe popanda kuloza penipeni. Pambali pake pakhale kalendala ya miyezi 12 yosonyeza chimene chimachokera pamalo alionse ndi amene amachitenga.

Ngati anthu avomera kusamuka, malo atsopano ayenera kuyesedwa ngati mmene amayesera munda wa chitsanzo: kukumba dzenje loona kuzama kwa nthaka, kutumiza dothi kokapimidwa, kufunsa okhala pafupi za mvula ndi zitsime za m'mwezi wa Novembala, ndi kuyeza mtunda wa kumsika, kuchigayo ndi kuchipatala. Hekitala ya m'dambo silingana ndi hekitala ya pachitunda cha miyala, ndipo mtengo wa mango wa zaka 20 sulipidwa ndi mbande. Zotsatira za kuyesaku zilembedwe ndi tsiku lake. Kope limodzi la mapu, kalendala ndi zotsatirazi lipite ku ofesi ya zaulimi ya m'dera, lina kwa mfumu, ndipo lachitatu lisungidwe ndi mlembi wa komiti ya m'mudzi, m'thumba la pulasitiki lotetezedwa ku chiswe ndi mvula, ndipo zionjezeredwe chaka chilichonse pambuyo pa kukolola.